Galu Amene Ntchito Yake Idatha

Kumwera kwa dziko la Switzerland, m'chigawo cha Valais, kuli mudzi waung'ono wotchedwa Champex-Lac, umene udamangidwa m'mbali mwa kanyanja pakati pa mapiri a Alps. M'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, pamene ife kuno tili kalikiliki kupalira ndi kubandira chimanga, kumeneko kumakhala chisanu choopsa. Madzi a m'kanyanjako amaundana gwa ngati mwala, kotero kuti anthu amayenda pamwamba pake osamira, ndipo kuchokera kumwamba kumagwa chipale chofewa, choyera mbee ngati ufa, chimene chimakwirira misewu, madenga ndi mitengo yomwe. Nyengo yotereyi ndi imene anthu a m'mizinda amatenga tchuthi, napangana ndi anzao kuti akakhale kumeneko masiku angapo. Ndipo china mwa zinthu zimene amapitira ndicho kukayenda ndi agalu.

Agalu ake si agalu wamba ai. Ndi a mtundu wa Saint Bernard, aakulu ngati mwana wa ng'ombe, ena olemera mpaka makilogalamu 80, a ubweya woyera ndi wofiirira, ofatsa kwabasi. Amasungidwa ku Martigny, tauni ya m'chigwa, ndipo m'nyengo yachisanu owasamala amakwera nao ku Champex kuti alendo aziyenda nao m'mbali mwa nyanja, ana aang'ono ali kukokedwa pa kangolo kopanda mawilo. Ulendo wake sulowera kwina kulikonse. Anthu amangozungulira, nabwerera pomwe adayambira zala zitachita dzanzi, kenaka nkukakhala pamodzi pafupi ndi moto kumwa tiyi ndi kuseka. Dzuwa limalowa popanda wina aliyense kukolola kanthu kapena kugulitsa kanthu.

Munthu wa kwathu akamva zimenezi amapukusa mutu, ndipo ife sitingamdzudzule. Kwathu kuno dzina loti galu nlotukwanira. Galu timamponyera mkute ndi mafupa chifukwa amauwa usiku mbala ikayandikira, kapena chifukwa amatiperekeza kuuzimba. Akakalamba, mano nkuguluka, ambiri a ife sitimuonanso ngakhale agone pakhomo pomwepo. Tsono anthu akuluakulu, a nzeru zao, kutaya ndalama ndi masiku kuti akazungulire thawale loundana pamodzi ndi galu wosagwira ntchito, kodi si misala imeneyo? Funso limeneli tisalithamangitse msanga, pakuti m'kati mwake mwabisala funso lina lokhudza ife tonse: kodi chamoyo chiyenera kupindulitsa kuti chipatsidwe chakudya ndi malo?

Tiyambe taona kumene agaluwa adachokera. Munthu akatsika ku Champex nalondola msewu wakale wopita ku Italy, amakwera mpaka kufika pa mpata wa pakati pa mapiri wotchedwa Grand-Saint-Bernard, mamita 2,469 pamwamba pa nyanja yamchere. Sapitwa wathu wa ku Mulanje amaposa pamenepa ndi mamita 500 ndi pang'ono chabe. Pa mpatawo palinso kanyanja kena, kamene kamakhala koundana miyezi yambiri ya chaka, ndipo m'mbali mwake muli nyumba yaikulu yamiyala. Adaiyambitsa cha m'ma 1050 ndi Bernard Woyera wa ku Aosta, ataona kuti anthu apaulendo ali kuthera pamenepo, ena ndi chisanu, ena ndi achifwamba. Kufikira lero ansembe otsata lamulo la Augustine Woyera amakhala m'nyumbayo chaka chonse, ndipo ntchito yao ndi kupemphera ndi kulandira aliyense wofika pakhomo, osamfunsa mtundu wake kapena chipembedzo chake.

Odutsa pamenepo masiku akalewo sadali a tchuthi. Adali amalonda, amwendamnjira opita ku Roma, asilikali (m'mwezi wa Meyi 1800 Napoleon adadzera pomwepo ndi ankhondo pafupifupi 40,000), ndiponso amphawi okafuna ganyu kuseri kwa phiri, ovala zosakwanira. Zolembedwa zimayamba kutchula agalu pa nyumbayo cha m'ma 1700. M'nyengo yachisanu antchito a ansembe ankatsika mbali zonse ziwiri za phiri kukachingamira apaulendo, agalu ali patsogolo. Galu ankaswa njira m'chipale ndi chifuwa chake chachikulu, ankadziwa kobwerera ngakhale mphepo itafafaniza mapazi onse, ndipo chipale chikagumuka m'phiri, monga momwe Napolo amagumulira nthaka kwathu kuno, ankanunkhiza pamene munthu wakwiririka. (Kamgolo ka mowa kamene timakaona m'khosi mwa agaluwa pa zithunzi nkongopeka, kadatchuka ndi chithunzi chimene Mngelezi wina, Edwin Landseer, adajambula mu 1820. Munthu wogwidwa ndi chisanu, mowa umangomuonjezera ngozi.)

Wotchuka koposa onse adali Barry, amene adabadwa mu 1800, ndipo akuti adapulumutsa anthu okwana 40. Ku Asnières, pafupi ndi Paris, kuli manda a agalu, ndipo polowera pake pali chipilala chomukumbukira. Mau olembedwa pa chipilalacho amanena kuti Barry, atapulumutsa anthu 40, adaphedwa ndi munthu wa nambala 41. Nthano yake imati munthuyo adali msilikali wokomoka, amene potsitsimuka adayesa kuti wagwidwa ndi chilombo, nambaya galuyo. Nkhaniyi njogwetsa misozi, koma si yoona. Zoona zake nzakuti Barry adakalamba. Mu 1812 adatsika naye ku phiri kupita ku mzinda wa Bern, kumene adakhala zaka ziwiri ali kungodya ndi kugona, mpaka adafa mu 1814. Chikopa chake chidasungidwa, ndipo mpaka lero anthu amakamuona m'nyumba yoonetsera zachilengedwe ya mumzindawo. Ngakhale pamenepo sadamsiye m'mene adaliri, pakuti mu 1923 adamkonzanso kuti aoneke watcheru ndi wofanana ndi agalu a mtundu wake a masiku ano, chonsecho mwini wakeyo adali wocheperapo ndithu.

Nanga chidachititsa nchiyani kuti anthu ampekere imfa ina? Ife tiganiza kuti Barry wokalamba uja amatichititsa manyazi. Galu wofera pa ntchito timadziwa chochita naye: timammangira chipilala, nkhani nkutha bwino. Koma galu wofooka miyendo, amene tsiku ndi tsiku amayembekeza mbale yake koma sadzapulumutsanso munthu, ameneyo amatifunsa funso limene sitilikonda, loti kodi tidakonda iyeyo kapena tidakonda ntchito yake. Makolo athu adachidziwa chikondi chachiwirichi, nachitcha dzina. Ankati chikondi cha nkhwangwa chimakoma pokwera: munthu pokwera mumtengo amaikoleka bwinobwino paphewa, koma akatha kudula nthambi amangoiponya pansi. Amene adanyamuka ndi Barry ulendo wautali wa ku Bern, pa nthawi imene kudalibe galimoto kapena sitima yapamtunda, adakana kuponya nkhwangwa. Zabwino zina zonse za m'mbiri imeneyi adachita ndi galu. Chokhachi ndicho adachita anthu pombwezera, ndipo ndicho chimene sichidalembedwe pa mwala.

Wina asaganize kuti tili kukamba za agalu okha. Ndani mwa ife sadamvepo agogo, amene adalera mudzi wathunthu ndi khasu lao, ali kunena chamumtima kuti, “Ine tsopano ndangosanduka mtolo”? Timawaona ali kudzikakamiza kutong'ola chimanga ndi zala zonjenjemera, kapena kubisa nthenda kuti ndalama ingaonongeke, zonsezo kuopa kuti angamadye zaulere. Timaonanso bambo amene wapuma pa ntchito ali kufota chaka chomwecho, osati chifukwa chosowa chakudya, koma chifukwa sadziwanso kuti iye ndani pamene palibe womuitana m'mawa. Maganizo amenewa sadabadwe nao. Adawaphunzira kwa ife, pa kayamikidwe kathu ndi pa kudandaula kwathu. Ngakhale mwambi wathu wolemekeza achikulire, woti galu wamkota sakandira pachabe, tikauyang'anitsitsa umamlemekeza chifukwa akadali kukanda, ndipo pamene wakanda pamatuluka kanthu. Nanga tsiku limene adzaleke kukanda?

Lero tinganene kuti mtundu wonse wa Barry udapuma pa ntchito yake yakale. Mu 1905 msewu wa magalimoto udalumikiza mbali ziwiri za mpata uja, ndipo mu 1964 adatsegula msewu wina woboola phiri kunsi kwake, kotero kuti mmphawi wofuna ganyu sayeneranso kuponda chipale. Ngozi ikagwa kumabwera helikopita, ndipo agalu amene imanyamula ndi a mitundu ina yopepuka. Msewu wa pamwamba umatsekedwa cha mu Okutobala mpaka cha mu Juni, ndipo amene amafika ku nyumba ya ansembe m'miyezi imeneyo amakwera wapansi, atamanga timatabwa totsetserekera kumapazi. Palibe chowakakamiza, amakwera chifukwa afuna. Ansembe amawalandira monga ankalandirira amphawi aja, ndipo Papa Pius XI, amene iye mwini ankakonda kukwera mapiri a Alps asadakhale Papa, adamuika Bernard Woyera mu 1923 kukhala nkhoswe ya anthu okhala m'mapiri ndi okwera mapiri. Motero pa phiri limeneli mwakumana awiri ofanana: galu amene ntchito yake idatha, ndi munthu amene waika ntchito yake pansi kwa sabata imodzi.

Ambiri a ife sitidziwa kupuma popanda kupepesa. Wina akatipeza tili khale masana timadzambatuka, nkuyamba kufotokoza kuti tifuna tipezeko mphamvu zogwirira ntchito mawa. Chifukwa chimenechi si chabodza. Thomas Aquinas Woyera, pophunzitsa kuti mzimu umatopa monga thupi ndipo umasowa masewera ndi nthabwala, adakumbutsa nkhani yakale ya Yohane Woyera. Akuti anthu ena adakhumudwa pomuona mtumwiyo ali kusewera ndi ophunzira ake, ndipo iye adauza wina amene adali ndi uta kuti aponye mivi. Munthuyo ataponya kangapo, Yohane adamfunsa ngati angapitirize chomwecho osalekeza, ndipo iye adavomera kuti uta ungathyoke. Phunziro lake nlomveka, koma tikalekera pomwepo tapeza theka lokha. Ngati kupuma ndi kunola khasu basi, ndiye kuti amene sadzalimanso alibe chifukwa chopumira. Iye ndi waulesi chabe, ndipo Barry wa ku Bern adali kuba chakudya. Mu 1948, pamene dziko la Germany lidali mabwinja okhaokha ndipo aliyense adali pa ntchito yomanganso, katswiri wina wa maganizo wa kumeneko, Josef Pieper, adalimba mtima kulemba kuti kupuma kwenikweni si kapolo wa ntchito ai, koma nthawi imene munthu amaleka kugwiritsa ntchito zolengedwa, nayamba kuziyang'ana ndi kukondwera kuti zilipo. Ife tili kumbali yake. Munthu woimirira m'mbali mwa nyanja youndana, ali kuyang'ana phiri limene sangalime, sangagule ndipo sangasunthe, akuphunzira kuona chinthu popanda kuwerengera phindu lake. Ndipo maso otere ndi amene adzasowe pa tsiku limene mai ake sadzathanso kudzuka pa mphasa.

Nchimodzimodzi ndi abwenzi. Masiku onse anzathu timakumana nao pa zosowa: uyu atibwereke ndalama, uyo atilankhulire kwa bwana, winayo atithandize kufolera nyumba. Izi nzabwino, ndipo mudzi sungaime popanda zimenezi. Komabe zimabisa chinthu china, pakuti sitidziwa ngati tingathe kukhala ndi munthuyo pamene palibe chompempha. M'kanyumba ka m'phiri, kunja kutada ndi chipale, nkhani za ntchito zimatha usiku woyamba, ndipo chotsala ndi munthu yekhayo, ndi kuseka kwake, kuuma mutu kwake ndi nthano zake zimene tidazimva kale kasanu. Ena amazindikira pamenepo kuti adalibe bwenzi, adali ndi nkhwangwa. Ena amapeza kuti kukhala chete pamodzi nkokoma. Galu amene wagona pakati pao amathandizapo mwa njira yake, popeza iye sadziwa kuti wa udindo ndani ndipo wangongole ndani. Amatsamira amene wamkanda kukhutu.

Pali chinanso chodabwitsa. Okwera mapiri m'nyengo yachisanu masiku ano amanyamula aliyense fosholo yaing'ono, ndodo yofufuzira ndi kachipangizo kolira kosonyeza pamene munthu wakwiririka, chifukwa wokwiriridwa ndi chipale akapitirira mphindi ngati 15 mwai wake wotuluka wamoyo umachepa msanga, ndipo helikopita kawirikawiri imafika nthawiyo itatha. Tsono ntchito ya Barry idagwera abwenzi: woyamba kukumba ndi amene mudadya naye m'mawa. Paja amati kuyenda awiri si mantha. Koma tisasokoneze zinthu: anthuwa sadapangane ulendo chifukwa cha fosholo. Adayamba akondana, ndipo fosholo idatsatira pambuyo.

Komabe munthu wa kwathu uja, amene tidamsiya ali kupukusa mutu, sadakhutire. Iye akuti, “Zonsezi nzokoma kumva, koma galu mmodzi wotereyu amadya nyama imene ana anga saiona ngakhale pa Khirisimasi.” Akunena zoona, ndipo palibe mau osalala amene angafafanize zimenezi. Tionjezerepo ife tomwe kuti tchuthi cha wina ndi thukuta la wina. Kuti alendo a ku Champex ayende bwino, pali amene adadzuka kusadache kukokolola chipale pa msewu, pali amene amachapa nsalu zogonera ndi kutsuka mbale, ndipo ambiri mwa ogwira ntchito zoterezi m'mahotela a ku Switzerland ndi ochokera ku maiko ena. Agalu omwewo sali pa ulesi weniweni, pakuti alendo amalipira poyenda nao. Kupuma kumene kumatheka kwa a ndalama okha kuli ndi mlandu woyankha.

Koma mlandu wake uli pati? Suli pa kupuma ai, uli pa mpanda umene tamangira kupumako. Munthu akaona kuti ena ali kudya pamene iye ali ndi njala, mankhwala ake si kutaya nsima koma kukuza mphika. Nchochititsa chidwi kuti lamulo la Sabata, monga lidaperekedwa kwa Aisraele, silidalekere pa mwini nyumba. Lidatchula ana, lidatchula antchito aamuna ndi aakazi, lidatchula mlendo, ndipo lidafika mpaka ku khola, kwa ng'ombe ndi bulu. Wolemera sasowa lamulo kuti apume. Amene lamulo lidawatchinjiriza ndi aja amene sangathe kudzipempherera okha. Tsono muyeso wa tchuthi chilichonse, kaya ndi cha ku Alps kaya ndi cha tsiku limodzi kunyanja, umaoneka pobwerera. Ndipo ife amene sitidzapondako ku Champex tisafulumire kudziyesa osalakwa. M'nyumba zathu zambiri tsiku Lamulungu ndi lolemera kwa mai kuposa Lolemba: amadzuka woyamba kutenthetsa madzi, kusita malaya a ku tchalitchi, kuphikira alendo, pamene abambo ali pansi pa mtengo ndi bawo. Mtsikana wantchito amene tidakamtenga kumudzi, kodi adapumako liti tsiku lathunthu? Nanga mlonda?

Pomaliza pake munthu ndi munthu, galu ndi galu, ndipo ansembe a pa phiri paja sadasokoneze ziwirizi. Atachepa m'chiwerengero, adaona kuti nthawi ndi mphamvu zimene ayenera kupatsa alendo zili kuthera ku makola. Mu 2005 adapereka agalu ao kwa bungwe lotchedwa Fondation Barry, limene lidakhazikitsidwa chaka chomwecho ku Martigny kuti lipitirize kuwaweta. Anthu ena adadandaula, pakuti kwa ambiri galu adali atatchuka kuposa woyera amene adampatsa dzina. Koma ansembewo adasankha anthu, ndipo posankhapo sadaponye nkhwangwa pansi: adayamba aonetsetsa kuti agaluwo ali ndi kokhala ndi owasamala, ndipo mpaka pano m'miyezi yotentha ena mwa iwo amakwera kukakhala pa mpata, pafupi ndi nyumba ya makolo ao.

Masiku amene sali ku Champex kapena ku phiri, ena mwa agaluwa amapita nao ku nyumba zosungirako okalamba ndi olumala. Bungwelo limatcha maulendo amenewa ntchito yothandiza anthu, ndipo sitikana; paja ife anthu mtima sukhala m'malo mpaka chinthu titachipezera dzina la ntchito. Koma chimene chimachitika m'chipindamo nchochepa kwambiri. Galu amalowa mwapang'onopang'ono, nanunkhiza mawilo a njinga ya wodwala, nagona pansi ndi mdidi ngati thumba la chimanga. Nkhalamba ina, imene manja ake adaweta ng'ombe kapena kudulira mpesa m'mapiri omwewo zaka makumi asanu, imatambasula dzanja niliika pamutu pake. Mwina imalankhula, mwina ai. Ola likatha womsamala amagwedeza chingwe, galu amadzuka monyinyirika, ndipo pa bulangete la nkhalambayo pamatsala ubweya woyera ndi wofiirira umene wosesa adzachotsa madzulo.